Tinyerere ta Azakhali

Dontho limodzi pa lilime, basi. M'dontholo munkakhala tinyerere, timakina tosaoneka ndi maso, tomwe tinkayendayenda m'kamwa mwa mwana kudya shuga yense asanaboole dzino. Ana a ku Mchesi anali atayiwala zoti dzino limawawa.

Wodontheza anawo pachipatala cha m'deralo anali Esinala, koma mwana wake yemwe, Sungeni, tinyerereto tinamupeza madzi atafika kale m'khosi. Ali wakhanda ankamusiya kwa Dofiya, mkazi wa mchimwene wake, amene ankangomutseka pakamwa ndi botolo la tiyi wothyola khosi ndi shuga. Mano onse akutsogolo anaola. Zikanathera pomwepo, mwina Esinala akanakhululuka. Koma paukwati wina Dofiya anamukokera mwanayo pakati pa anthu.

"Taseka, Sungeni, alendowa aone mabwinja!"

Anthu anafa ndi phwete. Ngakhale mano achikulire atamera, oyera bwino, Sungeni ankasekabe ataphimba pakamwa ndi dzanja. Esinala anasunga chakukhosi, ndipo anachisunga bwino.

Tsiku lina Dofiya anabwera kuchipatalako ndi mwana wake, Lonjezo, kuti amudontheze.

"Alamu, wangayu mumuike tabwino," anatero Dofiya.

"Musade nkhawa, alamu. Ndamusankhira ndekha."

Esinala sananame. Tinyerereto anali atatitembenuza pa kompyuta kuti m'malo mwa shuga tizidya dzino. Anadziuza kuti awo ndi mano aubwana, ena adzamera. Iye ankangofuna Dofiya alaweko manyazi. Mano a Lonjezo atayamba kuda, Esinala anakondwa kwambiri, kudya kunkachita kumukomera.

Loweruka lina Sungeni anabwera kuchokera kwa amalume ake atagwira tsaya.

"Amayi, dzino likundiwawa."

Esinala anamuunika ndi galasi la kuntchito. Tinyerere take totembenuza tija tinali piringupiringu pa mano atsopanowo.

"Iwe, wakhala ukudya chiyani kumeneko?"

"Switi. Ikakhala imodzi, Lonjezo amayamba wanyambita, kenako n'kundipatsa. Amandigawira nthawi zonse, amayi. Iye sandiseka."

Esinala anathamangira pa kompyuta n'kutizimitsa. Koma zibowo zinali zitafika kale pa mtsempha.

"Amayi," anafunsa Sungeni, misozi ili chuchuchu, "awa akachoka amera ena, eti?"

Anthu anali atapanga makina ambirimbiri, koma omeretsa dzino kachitatu kunalibe, ndipo Esinala anasowa poyambira kumuuza mwana wake amene anamudyera mano.