Nthambi za Mango pa Yonge

Linali Lamlungu madzulo, mu Novembala wa 1974. Medson, mnzanga wa ku Ntcheu amene ankaphunzira ku Hamilton m'dziko la Canada, anandikakamiza kuti tikaone panjinga msewu wa Yonge, wa masitolo ambiri, mumzinda umene ine ndinkakhala. Ankafuna kuyang'aniratu jasi yogulira mkazi wake, Vainess, amene anali akadali kumudzi. Masitolo ankatseka Lamlungu, koma Medson akafuna chinthu, kumukaniza n'kungotaya malovu.

Mdima unagwa msanga. M'mawindo munkawala, zidole zitavala bwino kuposa ife. Mitengo yonse inali itayoyola masamba.

Ndiyeno kutsogolo kwathu ndinaona nthambi zobiriwira zitayalidwa modutsa msewu. Za mango.

Kwathu zikatero ndiye kuti pali maliro, ndipo wapanjinga amatsika. Miyendo yanga inatsika yokha. Ndinavula chipewa.

"Achimwene, kuno n'ku Canada!" Medson anaseka. "Mukuopa zinyalala?"

Analiza belu n'kuponda nthambizo, ulendo.

Ine ndinayamba kukankha njinga. Magalimoto ankangodutsa, oyendetsa osachewuka n'komwe. Pakhomo la sitolo ya mipando panali mayi wachikulire, atakhala pansi, miyendo atatambasula. Chitenje chokha, kuphazi kulibe nsapato, chisanu chonsecho. Mantha anandigwira, komabe ndinanjuta.

"Pepani amayi. Watisiya ndani?"

Sanandiyang'ane.

"Sitinadziwe, mwanawe. Timadikira. Amabwera awiri."

Anakonza mpango wake pang'onopang'ono.

"Koma mmodzi watsika."

Ndinakuwa dzina la Medson. Kanyali kake kofiira kankaoneka patali, kakuchepera. Ndinaponda pedulo kuti ndikwere ndimuthamangire. Mayi uja anatembenuka. Apa ndiye anandiyang'ana, mwachidwi, ngati munthu wosankha nkhuku pamsika.

Ndinaponya njinga pansi n'kuliyatsa liwiro la miyendo.

Ndinapeza nthambi zina, za kumapeto. Njinga ya Medson inali itatsamira bwinobwino pamtengo wa getsi, chishalo chikadali chofunda. Mwini wake kunalibe. Nditabwerera, mayi uja kunalibenso, ndipo msewu unali mbee.

Apolisi anafufuza mpaka anatopa. Anzathu a ku Hamilton ankanong'onezana kuti anathawira ku America ndi mkazi wachizungu. Ine ndinkangowamvera.

Vainess ndinakumana naye patapita zaka, ku Ntcheu. Sanandifunse chilichonse. Anangoti m'mawa wa Lolemba lotsatira Lamlungu lija atatsegula chitseko, anapeza nthambi zitayalidwa kale panjira ya kunyumba kwake. M'mudzi monse munalibe wodwala, ndipo palibe amene anavomera kuti anaziika ndi iye.