Kufukiza pa Doko Lakale

Izi si zopeka. Anandiuza ndi Triza, amene timagwira naye ntchito ku City Centre, ndipo zina ndinadzionera ndekha.

Mkulu wake wa Triza, a Esnati, anavutika nthawi yaitali ndi mwendo. Kuchipatala ankangowapatsa mapilitsi. Ndiye Triza ataona pa WhatsApp za ulendo wa Loweruka, woti anthu akaone doko lakale la mtsinje wa Lilongwe kenako akafukizidwe ndi kuthowedwa, anawakakamiza kuti apite.

Onse apaulendowo anakumana m'mawa kumunsi kwa Area 2. Wowatsogolera, a Bonaventure, anawadutsitsa m'bango mpaka pa miyala ina yoterera. Anati mlatho usanamangidwe anthu ankawolokera pamenepo pa bwato, ndipo wopalasa womaliza anapita ndi madzi a dzinja pamodzi ndi onse amene anawanyamula.

Triza sanakhulupirire. Anaona kuti bamboyo polankhula sankayang'ana kumtsinje, ndipo sanaponde miyalayo ngakhale kamodzi.

Nyumba yofukizirayo inali pafupi, kuseri kwa mpanda wautali. Mayi wofukizayo, a Marcelina, anayang'ana alendo onse n'kusankha a Esnati.

"Inu muyambe."

"Bwanji iwowa?" anafunsa Triza.

"Ndi amene akudwala."

Palibe anali atawauza. A Esnati tsikulo ankayenda bwinobwino.

A Marcelina anawakhazika a Esnati pampando, mphika wa masamba a bulugamu ndi ndimu uli kumapazi, n'kuwafunditsa bulangete lalikulu. Triza anakana kutuluka. Anakhala pakhomo, maso ali pa bulangetelo.

Dzuwa linali pamutu. Poyamba m'chipindamo munkanunkhira bulugamu. Kenako fungo linasintha. Matope. Bango lowola. Wailesi ya mlonda wa panyumbapo, imene inkalira panja, inangoti zii.

Ndiye Triza anamva nkhafi. Khuvu. Khuvu. Pang'onopang'ono, ngati bwato likuyandikira gombe.

Bulangete linatukuka mbali imodzi, ngati wina wakhala pafupi ndi a Esnati. Munamveka mawu a mwamuna, otsika.

"Mukuwoloka?"

Triza anatchera khutu. Anamva mkulu wake akuyankha, koma mawuwo sanawamve bwino.

A Marcelina analowa mothamanga n'kuvundukula bulangete. Munali a Esnati okha. Mphika unali utazizira. Mapazi awo anali ndi matope akuda mpaka m'akakolo, pamene pansi panali pa simenti youma.

"Mwayankha chiyani?" ananong'ona a Marcelina.

A Esnati anangoyang'ana pansi.

"Mumadziwa," anatero Triza. "Inu ndi a Bonaventure mumadziwa."

"Ine ndimangowiritsa masamba, mwanangu. Ena amabwera, wopalasayo sawafunsa."

Mwendo unapola tsiku lomwelo. Sunapwetekenso. Triza atabwererako mkati mwa sabata kuti akafunse bwino, mlonda anamuuza kuti mayiwo anapita kumudzi, ndipo nambala ya a Bonaventure sinkapezekanso.

A Esnati sanafune kukambanso za tsikulo. Anayamba kuchita zinthu mofulumira. Anasokera ana awo mayunifolomu aakulu oti adzavale zaka zam'tsogolo. Anaphunzitsa wamkulu kuphika. Minibasi ikafika pa mlatho wa ku Old Town ankatsinzina mpaka itadutsa.

Mwezi watha anabwera ku ofesi kwathu masana kudzamuona Triza. Kunja kunali fumbi la Okutobala, koma pamene anadutsa pa matailosi panatsala mapazi onyowa. Ndinawaona ine, anawaonanso a Daudi a pa geti.

Triza anali pa foni, choncho ndinawapatsa mpando. Ndikuwathirira tiyi, anatembenukira kumbali kumene kunalibe munthu. Analankhula mwaulemu, motsitsa, ngati akupempha munthu wamkulu amene watopa kudikira.

"Pepani, bambo. Wamng'onoyo angoyamba kaye sukulu."

Kenako anapendeketsa mutu, akumvetsera yankho.