Belu la M'nyumba ya Kafodya

Nkhani iyi anandiuza ndi Beatrice Chibesa mwini wake, mayi wopemphera amene sadziwa kuthira mchere pankhani. Zina anazitsimikiza ndi Kampamba, yemwe ankagwira ntchito ku ofesi yoyang'anira nyumba zakale. Awiriwa mpaka lero sapatsana moni, koma pa za belu lija mawu awo ndi amodzi. Choncho musandiyese wopeka.

Ku Makeni, kupitirira pamene phula linkathera, kunali nyumba ya pafamu imene mzungu wina anamanga Lusaka akadali siteshoni ya sitima ndi fumbi lokhalokha. Antchito ankamutcha Kafodya chifukwa kaliwo sankachoka pakamwa pake. Munthuyu anapukwa kwawo, ndiye anamanga nyumba yofanana ndendende ndi ya kumudzi kwawo ku Mangalande: zipupa zamiyala zochindikala, timawindo tating'ono, chumuni ziwiri, ndi chitseko chakumaso cholemera ngati cha tchalitchi. Ufulu utabwera anabwerera kwawo n'kukafera komweko. Boma linatenga nyumbayo n'kukhomapo kachitsulo konena kuti ndi yotetezedwa, wina asasinthepo ngakhale msomali.

M'zaka za chipani chimodzi, pamene aliyense wofuna kuoneka munthu ankavala suti ya safari, mwamuna wa Beatrice, Edmond Chibesa, anakwezedwa pantchito ku kampani ina ya boma. Anamupatsa nyumba yatsopano ku Woodlands, iye anakana. Ankafuna ya Kafodya basi. Anzake anamuseka kuti akusiya mpanda wabwino n'kukakhala ndi mileme, koma Edmond anali ndi chake mumtima. Bambo ake, ba Wilbroad, anaphika m'nyumba imeneyo unyamata wawo wonse, kulowera khomo lakumbuyo, osavala nsapato. Edmond anakulira m'kanyumba ka antchito kuseri, akuona zonsezo. Analumbira kuti tsiku lina bambo ake adzalowera khomo lakumaso, adzakhala pampando wa m'chipinda chochezera atatambasula miyendo, ndipo wina adzawabweretsera tiyi.

Anakawatenga ku Kabwata pa galimoto ya kuntchito. Atafika pa chitseko chachikulu chija, mkuluyo anawerama n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato.

"Batata, valani nsapato," anatero Edmond. "Ni nyumba yanu iyi."

"Iwe mwana, nyumba iyi ili na mwine wake."

Edmond anaseka, anawagwira mkono n'kuwalowetsa. Anawakhazika pampando waukulu pafupi ndi posonkhera moto. Iwo anakhala kansongansonga, manja ali pamaondo, ngati munthu wodikira mlandu.

M'khitchini, pamwamba pa chitseko, panali belu laling'ono lamkuwa. Waya wake unkadutsa kudenga mpaka m'chipinda chochezera, pa chogwirira chimene Kafodya ankakoka akafuna tiyi. Beatrice ankaliyesa chokongoletsa chabe.

Linalira koyamba tsiku lina dzuwa litapendeka, Edmond ali kuntchito. Beatrice anali kusadzula lepu. Analimva pamwamba pa mutu wake penipeni, ngiri-ngiri-ngiri, laukali, ngati wolikokayo wadikira nthawi yaitali. Anaganiza kuti apongozi ake akusewera nacho chogwirira chija. Koma potembenuka anawaona akulowa m'khitchini, nsapato atazisiya kumbuyo, msana utawongoka ngati wa mnyamata.

"Mayo, thileyi ili kuti?"

Anakonza tiyi mwa njira imene Beatrice anali asanaionepo. Anayamba atenthetsa thipoti ndi madzi owira, mkaka anauika pakajagi, shuga pakambale. Ananyamula zonse kupita nazo m'chipinda chochezera, anaika patebulo pafupi ndi mpando uja, n'kukaima kukhoma manja ali kumbuyo. Pampandopo panalibe munthu. Koma m'chipinda monse munadzaza fungo la fodya wa kaliwo, lotsekemera, lolemera, pamene m'nyumbamo munalibe wosuta. Beatrice akuti kapu inabwerera kukhitchini itauma gwa, pasosala pali kaphulusa.

Kuyambira tsikulo zinali za tsiku ndi tsiku.

Edmond atamva, mantha sanamugwire. Chinamugwira ndi ukali. Masiku amenewo shuga ankasowa, Beatrice ankaima pamzere m'tauni kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, ndiye shuga yemweyo azithera mzungu wakufa? Koma chimene chinkamudya kwambiri chinali kuona bambo ake ataima kukhoma kuja. Iye anaponya nawo miyala nthawi yomenyera ufulu, anagona nawo m'chitokosi, ndipo lero m'nyumba yake yomwe bambo ake anali kukhala opanda nsapato.

"Batata, Kafodya anafa! Anafela ku Ingilandi. Dziko ni yathu manje."

"Niziba kuti anafa," anayankha ba Wilbroad mofatsa. "Koma pamene anali kuyenda ananiuza ati, Wilbroad, sunga nyumba, nizabwela. Sananichose nchito. Ine sininalaile. Munthu sachoka pa nchito monga kawalala wakuba."

"Nanga zaka zonse izi ku Kabwata?"

"Kuja belu sinali kumveka. Ndiwe wanibwelesa."

Mawu amenewa anamulasa Edmond, moti usiku umenewo chakudya sichinalowe.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ija m'tauni kukapempha chilolezo chochotsa belu. Anakapeza Kampamba, munthu wochepa thupi waulemu wambiri, amene ankakana chinthu akumwetulira.

"Mwaiseni, ba Chibesa. Belu? Iyayi. Ija ni histole ya dziko. Simungagwileko."

"Histole ya ndani? Ya atate anga kuthamanga na thileyi?"

"Namvela, mukwai, namvela. Bwelani mailo, bakalamba bazankhalapo."

Mawa lake akuluakuluwo anali ku semina. Mkuja anali kumaliro. Sabata yotsatira anali atapita kukalandira alendo kubwalo la ndege. Edmond anakwera masitepe a ofesi imeneyo mpaka mlonda wa pakhomo anayamba kumufunsa za kunyumba. Iye amene kuntchito kwake akakhosomola anthu ankaimirira, apa ankakhala pabenchi chipewa chili pamaondo, kupempha kuti amasule kabelu kosadzaza ndi dzanja lomwe. Mtima unkachita kuwira.

Potsiriza anamukoka Kampamba kuti akadzionere yekha. Anafika masana, anayendera zipinda, anayamikira matabwa a kudenga ndi miyala ya pansi. Ali chiimire pafupi ndi posonkhera moto, akufotokoza kuti nyumba zotere kwawo kwa azungu amazisunga zaka mazanamazana, chogwirira chija chinatsika chokha pamaso pake. Kukhitchini belu linalira. Fungo la kaliwo linamukuta. Kampamba anatuluka chambuyo, anakwera njinga yake, chipewa n'kuchisiya pomwepo. Edmond anamuthamangira mpaka kugeti.

"Mwaona manje? Nichose?"

"Naona, mukwai," anatero Kampamba. "Koma lamulo ni lamulo."

Edmond anayesa njira ina. Anawabweza bambo ake ku Kabwata kwa mlongo wake, n'kulamula kuti asawalole kutuluka. Tsiku lotsatira, dzuwa litangopendeka, Beatrice anamva kugogoda kukhomo lakumbuyo. Anali ba Wilbroad, fumbi mpaka m'nsidze, zidendene zikutuluka magazi. Anayenda wapansi kuchokera ku Kabwata mpaka ku Makeni, munthu wa zaka zimenezo. Sanapemphe ngakhale madzi. Anangoyang'ana pamwamba pa chitseko, ndipo belu linalira.

Apa m'pamene Edmond anati zakwana. Loweruka masana anatenga pulayala ndi sikuludiraiva, anakokera mpando pansi pa belu n'kukwerapo. Bambo ake anamugwira mwendo wa buluku.

"Edmond. Osajuba waya."

"Nisiyeni, batata."

"Mwana wanga, umvele. Belu ikalila, ine niyenda kuli yeve. Ikapanda kulila, azabwela yeka ku kicheni. Ine namuziba uja muntu akabwela yeka."

Edmond anamva, koma ukali ulibe makutu. Anadula waya. Anamasula belu, anatuluka nalo, anakaliponya m'chitsime chakale kuseri kwa nyumba. Pobwera anali akupuma ngati wagwetsa mtengo. Anawagwira bambo ake paphewa, anawaveka nsapato ndi manja ake, anawakhazika pampando waukulu uja.

"Lelo tiyi muzamwa ndimwe. Beatrice, ika ketulo."

Dzuwa linapendeka. Nthawi ija inakwana. M'nyumba munali zii.

Edmond anamwetulira. Anayang'ana mkazi wake ngati akuti, waona?

Kunja njiwa zimene zinkalira mumtengo wa mapeyala zinaleka. Galu wa pafamu yoyandikana anayamba kulira chapansipansi. Kenaka fungo linabwera. Silinali lotsekemera ngati masiku onse. Linali la fodya wopserera, loluma m'maso.

Mpando umene anakhalapo ba Wilbroad unalira, ngati wina wautsamira kumbuyo.

Mkuluyo anadzambatuka. Anavula nsapato osamasula zingwe. Anathamangira kukhitchini, Edmond ndi Beatrice ali pambuyo. Atafika anatembenuka n'kuwakankhira panja pa khomo lakumbuyo ndi mphamvu imene sankadziwa kuti ali nayo.

"Yendani kuseli," ananong'ona. "Safuna kuona bana mu kicheni."

Anatseka. Anakhoma.

Ali panjapo anamva jombo. Zinkachokera m'chipinda chochezera. Gu. Gu. Gu. Zosafulumira. Matabwa apansi ankalira pamene zaponda. Zinadutsa mukolido. Zinaima pakhomo la khitchini.

Edmond anamenya chitseko ndi phewa. Chitseko cha Kafodya sichinagwedezeke n'komwe. Anathamangira pawindo, koma kawindo kaja ngakhale mutu sukanalowa, ndipo mkati munali utsi.

Anamva mawu a bambo ake, aang'ono, a munthu wina amene iye anamuiwala kalekale.

"Pepani, bwana. Ni mwana chabe. Pepani, bwana."

Wowayankha sanamveke. Supuni inagwa pansi. Kenaka chete.

Pamene anathyola loko ndi nkhwangwa, utsi unali utatha. Ba Wilbroad anali atakhala pansi atatsamira khoma, maso ali chitsegukire, thireyi ili pamiyendo. Tiyi sanatayike ngakhale dontho. Dokotala anati ndi mtima.

Maliro atatha, Kampamba anabwera ndi mmisiri. Anali atamva kuti belu lachotsedwa, ndipo akuluakulu aja, amene sankapezeka pa ofesi, ulendo uno anapezeka msangamsanga n'kulamula kuti libwezeretsedwe. Analivuula m'chitsime, analipukuta, analumikiza waya. Beatrice anawatukwana mpaka mawu anamuthera. Edmond anatuluka panja. Anangokhala pakhonde atagwira tsaya, akuganiza zolongedza katundu kuti apite ku Woodlands, nyumba ya Kafodya itsale ndi mwini wake.

Anthu aja atangochoka, dzuwa linapendeka.

Belu linalira. Kamodzi kokha. Kenaka linaleka, monga limalekera belu likayankhidwa.

Edmond ndi Beatrice anali ataima m'khitchini. Pafupi nawo, pamiyala yapansi, panamveka mapazi opanda nsapato. Anali kukoka mwendo wamanzere pang'ono. Kabati inatseguka. Kapu inagunda sosala. Ndipo panamveka kakhosomo kouma, kamene Edmond anakamva moyo wake wonse kuseri kwa khoma la kanyumba ka antchito.

Beatrice anagwira kolona wake n'kuyamba kupemphera. Edmond anaima nthawi yaitali, misozi ikutsika osaipukuta. Kenaka anavula jekete la safari n'kulipachika pachitseko. Anawerama. Anamasula nsapato.

"Batata," anatero chapansipansi. "Nkhalani pansi. Nizapeleka ine."

Mapazi aja anaima. Kampando kamatabwa ka pakona kanalira pang'ono, ngati wina wotopa wakhalapo.

Edmond anatenthetsa thipoti. Anaika mkaka pakajagi, shuga pakambale. Ananyamula thireyi kudutsa mukolido, analowa m'fungo la kaliwo, anaika patebulo, n'kukaima kukhoma manja ali kumbuyo.

Ku Woodlands sanapitenso. Kuntchito anayamba kudziwika kuti bwana Chibesa dzuwa likapendeka sapezeka, kaya kuli msonkhano wa chipani kaya kwabwera nduna. Anamuchenjeza, anamudumpha pokweza ena, kenaka anamutsitsa. Anafuna kumusamutsira ku Ndola, anakana. Tsiku lina anachedwa panjira galimoto itafa, ndipo Beatrice akuti anamva mapazi aja akudzuka pakampando, akukoka mwendo, kupita kukabati. Edmond atamva zimenezo anagula njinga kuti zisadzachitikenso.

Beatrice anapirira zaka zingapo, kenaka anatopa. Anamugwadira mwamuna wake kuti achoke, nyumba ya mzungu wakufa isawadye onse. Akuti Edmond anali akupukuta kapu, ndipo sanakweze n'komwe mawu.

"Iwe yenda, sinizakulesa. Koma ine nikachoka, thileyi azanyamula ndani?"