Kamtsuko ka Lines ndi Miyendo ya Agogo

Lines anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi wina m'munsi mwa phiri, kufupi ndi Malomo. Lines ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kamtsuko kakekake.

Anzake onse anali ndi timitsuko. Ankapita nato kuchitsime. Lines ankapita ndi kachitini. Kachitiniko kankadontha. Madzi ankathera m'mutu ndi m'khosi.

"Tidzakugulira kandowa kapulasitiki ku Malomo," anatero amayi ake.

"Sindikufuna kandowa," anatero Lines. "Ndikufuna kamtsuko koumba agogo."

Agogo ake a Lines anali aNambewe. Anali katswiri woumba mbiya. Mudzi wonse unkamwa madzi a m'mitsuko yawo. Koma tsopano agogo sankaumbanso. Ngakhale kuyenda anali atasiya.

Nthawi ya mvula agogo anagwa. Anaterereka pamtsetse wopita kudambo. Anagona m'chipatala milungu itatu. Mwendo unapola. Tsiku lotuluka, anamwino analankhula ndi amayi. Lines anali pomwepo. Anamva zonse.

"Agogowa aziyenda," anatero anamwino. "Aziyenda pang'ono tsiku lililonse. Akangokhala pansi, miyendo idzauma. Ikauma, sadzayendanso."

Amayi anavomera. Koma atafika kunyumba, anachita mantha. Anayala mphasa pakhonde. Anawakhazika agogo pamphasapo.

Agogo akafuna madzi, amayi ankathamanga.

"Khalani pansi, agogo. Ndikubweretserani."

Agogo akafuna tsache, amayi ankalibisa.

"Khalani pansi, agogo. Ndisesa ndine."

Agogo akafuna kukaona mbuzi, amayi ankagwira pakamwa.

"Khalani pansi, agogo! Anthu adzati chiyani? Adzati Margareta akuzunza nkhalamba."

Amayi ankawakonda agogo. Zimenezo palibe angatsutse. Koma chikondicho chinawamata agogo pamphasa. Chimanga chinacha. Anthu anakolola. Fodya anapita kumsika. Agogo anali pamphasa pomwepo.

Lines ankayang'ana miyendo ya agogo. Inkaonda. Inkauma. Lines ankakumbukira mawu a anamwino, ndipo ankada nkhawa.

Tsiku lina Lines anakhala pafupi ndi agogo.

"Agogo, mundiumbire kamtsuko."

"Ndiumba ndi chiyani, iwe? Ndi phala?" anatero agogo. "Kanditengere mtapo."

"Mtapo n'chiyani, agogo?"

"Ha! Mdzukulu wa Nambewe sadziwa mtapo! Ndi dothi loumbira mbiya. Lili kudambo."

Masiku amenewo sukulu inali itangokhala yaulere. Ana anali ambiri ngati nyerere. Lines ankaphunzira pansi pa mtengo. Ankaweruka dzuwa lili pamutu. Atangoweruka, anatenga khasu ndi kadengu. Anathamangira kudambo. Anabwerako ndi dothi.

Agogo anatapa pang'ono. Analinyowetsa. Analipota ngati kachingwe. Analikulunga pachala. Dothi linaduka.

"Ili ndi dothi lomatira nkhokwe," anatero agogo. "Pitanso."

Mawa lake Lines anapitanso. Anabwera ndi dothi lina. Agogo analipota ngati kachingwe. Analikulunga pachala. Dothi linaduka.

"Uwu ndi mchenga wokhawokha. Kodi maso unasiya kusukulu?"

"Nanga mtapowo uli pati, agogo?"

"Uli pamene inatitimira ng'ombe ya a Enoki."

"Inatitimira liti?"

"Amayi ako asanakwatiwe."

"Agogo, ine kunalibe!"

"Basi, uli pamene panali mtengo waukulu uja."

"Mtengowo uli kuti?"

"Anaudula kalekale."

Lines anakanda m'mutu. Koma anapitanso. Anakumba apa. Anakumba apo. Anabwera ali matope okhaokha. Agogo analipota dothi lija. Analikulunga pachala. Linadukanso.

Agogo anapsa mtima.

"Ana a masiku ano! Ndipatse ndodo. Ndikakusonyeze ndekha!"

Amayi anali kudimba. Panalibe wonena kuti khalani pansi. Lines anathamanga. Anabweretsa ndodo ya nsungwi. Agogo anagwira ndodo ndi dzanja limodzi. Dzanja lina anagwira phewa la Lines. Anadzuka.

Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Anaponda katatu. Miyendo inanjenjemera. Agogo anakhala pansi, phi!

Agogo sanakalipenso. Anangoyang'ana miyendo yawo. Misozi inalengeza m'maso.

"Miyendo yanga inafa, mwanawe," anatero.

Lines anamva chisoni kwambiri. Anagwada. Anasisita mawondo a agogo.

"Sinafe, agogo. Yangogona. Mwaponda katatu. Ndawerenga ine."

"Katatu n'chiyani? Kudambo n'kutali."

"Mawa tikafike pankhokwe basi."

Agogo anayang'ana nkhokwe. Inali pafupi. Nkhuku inkafikapo mosavuta.

"Pankhokwe pokha," anatero agogo. "Osapitirira."

Mawa lake anayenda. Ndodo, mwendo, mwendo. Ndodo, mwendo, mwendo. Anafika pankhokwe. Anapuma. Anabwerera.

Tsiku lotsatira agogo anakana.

"Lero ayi. Thupi lonse likuwawa."

Lines sanakakamize. Anatenthetsa madzi. Anawathowa miyendo. Tsiku limenelo sanayende.

Koma kutacha, agogo anaitana okha.

"Lines! Ndodo ija ili kuti?"

Ndodo, mwendo, mwendo. Ndodo, mwendo, mwendo. Anafika pankhokwe. Anapitirira. Anafika pakhola la mbuzi.

"Mbuzi iyi yabereka liti?" anafunsa agogo.

"Mwezi watha, agogo."

"Osandiuza bwanji?"

Agogo anaima nthawi yaitali. Ankayang'ana kamwana ka mbuzi. Anaiwala kuti aimirira.

Masiku anapita. Amayi akapita kudimba, awiriwa ankanyamuka. Anafika pachigafa cha fodya. Patapita masiku anayi, anafika pamtengo wa mango. Lines ankanyamula kampando pamutu. Agogo akatopa, ankakhala pakampandopo. Akapuma, ankadzukanso.

"Pang'onopang'ono ndi mtolo," ankatero agogo.

Tsiku lina amayi anabwerako msanga kudimba. Anapeza mphasa yokhayokha. Anaponya dengu la ndiwo pansi. Anathamanga uku ndi uku. Anawapeza pansi pa mango.

"Lines! Ukufuna kundiphera amayi anga?"

Lines anaweramitsa mutu. Anachita mantha. Koma analankhula.

"Amayi, anamwino anati agogo aziyenda."

"Akagwanso, udzawanyamula ndiwe? Anthu adzati chiyani? Agogo, khalani pansi. Ndikuberekani."

Amayi anawerama kuti awabereke. Agogo sanakwere kumsana. Anagogoda ndodo pansi.

"Margareta, dzuka. Ndiyang'ane."

Amayi anadzuka. Anawayang'ana.

"Ndafika pano ndi miyendo ya ndani?"

"Yanu, agogo."

"Ndipo ndibwerera ndi yanga yomweyi. Umandisamala bwino, mwana wanga. Ndikuthokoza. Koma mphasa ija ikundidya. Anthu alankhule zimene akufuna. Miyendoyi si yawo."

Agogo anatembenuka. Ndodo, mwendo, mwendo. Ndodo, mwendo, mwendo. Amayi ankabwera m'mbuyo. Manja anali atatambasula, kuopa kuti agogo angagwe. Agogo sanagwe. Atafika pakhonde, amayi anapukuta misozi ndi nsalu.

"Mawa ndipita nawo," anatero amayi.

Tsopano ankayenda atatu. Lines ankanyamula kampando. Amayi ankanyamula madzi akumwa. Anthu ankawaona. Ena ankanong'onezana. Ena ankaimika njinga.

"ANambewe, ndinu kodi? Mwadzuka!"

"Nanga mumati ndine chitsa?" ankayankha agogo.

Kunja kunayamba kutentha kwambiri. Mitambo inayamba kuoneka pamwamba pa phiri. Agogo anaiyang'ana.

"Mvula ili pafupi," anatero. "Ikagwa, dambo lidzadzaza madzi. Mtapo sitidzaupeza. Mawa tikafike."

M'mawa mwake linali Loweruka. Kunalibe sukulu. Ananyamuka dzuwa lisanatenthe. Anadutsa nkhokwe. Anadutsa khola. Anadutsa chigafa. Anadutsa mango. Kenaka anafika pamtsetse.

Agogo anaima.

Njira inali yotsetsereka. Pansi pake panali dambo. Agogo anagwira phewa la Lines mwamphamvu.

"Ndi pano," anatero agogo. "Ndinagwera pano."

"Lero ndi pouma, agogo," anatero Lines.

"Ndikuona. Koma ndikuopa."

Agogo anakhala pakampando. Sanafune kuyang'ananso pansi.

"Tiyeni tibwerere," anatero. "Mugule kandowa kaja."

Lines anafuna kulira. Sikuti ankalirira kamtsuko ayi. Ankadziwa kuti agogo akabwerera lero, abwerera kumphasa.

Lines anayang'ana mtsetse. Anayang'ana khasu limene ananyamula. Anaganiza. Kenaka anatsika pang'ono. Anayamba kukumba. Anakumba kamalo kopondapo. Anakasalaza ndi phazi.

"Ukutani, iwe?" anafunsa amayi.

"Ndikukonza masitepe. Ngati a kutchalitchi."

Amayi anamuyang'ana. Kenaka anamanga nsalu m'chiuno.

"Bweretsa khasulo," anatero. "Iwe uzisalaza."

Amayi anakumba. Lines anasalaza. Amayi anakumba. Lines anasalaza. Thukuta linali kamukamu. Masitepe anatsika mpaka kudambo.

Agogo ankangoyang'ana. Kenaka anatsokomola.

"Lachitatulo mwalipendeketsa," anatero.

Amayi analikonza.

Agogo anadzuka. Amayi anawagwira mkono. Lines anatsogola chafutambuyo.

"Pondani apa, agogo. Eya! Tsopano apa."

Ndodo, mwendo, mwendo. Sitepe limodzi. Ndodo, mwendo, mwendo. Sitepe lina. Agogo sanayang'ane kutali. Ankangoyang'ana mapazi a Lines.

Kenaka masitepe anatha. Phazi la agogo linaponda udzu wofewa.

"Tafika?" anafunsa agogo.

"Tafika, agogo!"

Agogo anapumira m'mwamba. Anayang'ana kumanzere. Anayang'ana kumanja. Anayenda okha, osagwira munthu. Anabaya ndodo pansi. Anapukusa mutu. Anabayanso pena. Anapukusanso mutu. Anabaya kachitatu, pafupi ndi bango. Ndodo inatuluka ndi dothi lotuwa.

"Kumbani apa."

Amayi anakumba mpaka m'mawondo. Dothi linali lotuwa ndi lonanda. Agogo anatapa pang'ono. Analipota ngati kachingwe. Analikulunga pachala. Dothi silinaduke.

"Uwu ndiye mtapo," anatero agogo. "Gwira, Lines. Nunkhiza. Usadzaiwale malo ano."

Lines anagwira. Ananunkhiza. Mphuno inada ndi matope. Onse anaseka.

Kunyumba agogo anasinja mtapo uja. Anaukanda. Anaumba kamtsuko. Anakasalaza ndi chitsononkho cha chimanga. Pakhosi pake analembapo timizere. Kamtsuko kanauma pamthunzi masiku ambiri. Tsiku lokawotcha, agogo anakatola nawo nkhuni. Amayi anatsegula pakamwa kuti alankhule. Kenaka anangotseka.

Kamtsuko kanapsa bwino. Kanali kofiira. Agogo anakagogoda ndi chala. Kanalira kuti nge!

"Katenge, mdzukulu wanga. N'kako."

Lines anakalandira ndi manja awiri. Anavina pabwalo ponse.

Madzulo a tsiku limenelo anapita kuchitsime. Anapita onse atatu. Lines anatunga madzi. Amayi anamuikira nkhata pamutu. Anamusenzetsa kamtsuko.

Kamtsuko kanali kolemera. Madzi ankagavika. Lines ankaopa kukagwetsa. Ankayenda pang'onopang'ono. Ankaponda mosamala. Atakweza maso, anaona agogo ali patsogolo. Anali atafika kale pamango.

"Agogo!" anafuula Lines. "Ndidikireni!"

Agogo anaima. Anatembenuka. Anayang'ana Lines. Anayang'ana amayi. Kenaka anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

"Margareta, wamva? Akuti ndimudikire!"

Amayi nawonso anaseka. Agogo anatsamira ndodo yawo, ndipo anadikira.

"Bwera bwinobwino, mwanawe," anatero agogo. "Ine ndaima pompano."