Simenti pa Khoma la Njereza

Mng'alu unayambira pansi pa zenera la chipinda cha malemu mayi ake n'kukwera mpaka kudenga. Mwanaidi ankauona tsiku lililonse pochokera kusukulu, koma sunkamukhudza. Chimwalirireni mayi akewo, mtsikanayu ankangodya, kugona ndi kudzuka basi.

Nyumba yawo inali imodzi mwa nyumba zakale za ku Mikindani zimene boma limateteza. Makoma ake anali a miyala ya m'nyanja yomatidwa ndi njereza, ochindikala moti mwana ankatha kugona pazenera. Chaka ndi chaka, mvula isanayambe, mayi ake ndiwo ankamata ming'alu. Tsopano ntchitoyo inagwera iye.

"Njereza ndanyika kale m'dzenje kuseriko," anatero bambo ake ponyamuka kupita kuntchito ku Mtwara. "Uzimata pang'ono, iume, n'kumatanso. Simenti ayi, wamva? Khoma ili limapuma."

"Ndamva, ababa."

Masabata anadutsa, dzenje lija osalivundukula n'komwe. Loweruka lina mchimwene wake, Shomari, anatulukira ndi simenti yotsala kumene ankagwira ganyu.

"Iwe, khoma lili ndi mphuno kuti lizipuma? Zachikale zimenezo! Timate kamodzi n'kamodzi, ukagone."

Sikuti Mwanaidi sankadziwa, ayi ndithu. Anakula akuona kuti chinyezi cha mchere chimakwera m'miyalamo n'kutulukira mu njereza, pamene simenti imachitsekera m'kati. Koma kutsutsa kumafuna mphamvu, ndipo iye analibe. Anangopita kukatunga madzi.

Anamata khoma lonse la mbali imeneyo ndi simenti, pamwamba n'kupaka njereza yamadzimadzi. Linayera mbee, moti bambo awo pobwera anayamikira.

Mvula itakhazikika, chipinda chija chinayamba kununkha chinyezi. Tsiku lina Mwanaidi anadina khoma ndi chala ali m'kati mwa chipindacho, mwala n'kufumbutuka ngati shuga wonyowa. Anayang'ana chalacho, anachipukuta pa siketi, n'kutseka chitseko. Sanauze munthu.

Lachinayi lina masana Mwanaidi anapeza anthu atadzaza mumsewu wa kwawo. Khoma linali litagwera kunja. Bedi la mayi ake linali poyera, miyala itaphwanya miyendo yake, ndipo ana ankaloza chitenje chimene chinali chikadali pamsomali. Mwamwayi m'nyumbamo munalibe munthu.

Mayi wina wochokera ku ofesi yoona zinthu zakale anatola chibenthu chotuwa, n'kuchitembenuza.

"Bambo, iyi si simenti iyi?"

Bambo ake a Mwanaidi anachilandira. Sanakalipe. Anangoyang'ana ana awo awiri, Shomari n'kuwerama.

"Mutulukemo lero lomwe," anapitiriza mayiyo. "Mitanda ya denga yatsala m'malere. Tidzaona chilimwe ngati n'zotheka kuikonza."

Anasamukira kwa azakhali awo, m'kanyumba ka malata. M'mawa mwake, popita kusukulu, Mwanaidi anadzera msewu womwewo. Mvula inkagwera m'chipinda cha mayi ake, ndipo mbuzi ziwiri zinali zitabisala pakona pamene mayiwo ankapempherera.

Apa m'pamene chinthu chinamubaya mumtima, koyamba chichitikireni maliro. Anaponya chikwama pansi, anadumpha chingwe chimene a boma anamanga, n'kuthamangitsa mbuzizo akukuwa ndi mawu amene iye mwini sanawazindikire.

Mbuzi zinangozungulira mulu wa miyala n'kulowanso. Panalibe khoma loziletsa.