Mphete Inasamuka

Mvula ya mu Berlin siona nkhope. Tsiku limenelo inawapanikiza onse awiri pansi pa kadenga ka pokwerera basi. Ottilie Krahmer, mwana wa wokonza mawotchi, ankachokera kophunzitsa ana piyano. Pambali pake panaima mnyamata wamtali, wa chipsera patsaya, chija amadzitama nacho ana a mabwana akatemana ndi malupanga kusukulu.

"Chemwali, mabuku anu a nyimbo akunyowa."

"Ndi anga. Anyowe."

Mnyamatayo anaseka, n'kumufunditsa ambulera. "Ndine Wolfram von Aldenhagen."

"Dzina lonselo la munthu mmodzi? Ine ndine Ottilie basi."

Ife a mu Berlin timadziwa. Ukamva "von" pa dzina, dziwa kuti kumbuyoko kuli nyumba ya makolo, minda, ndi mayi wouma mtima. Ottilie naye ankadziwa. Koma mtima umamva zimenezo?

Wolfram ankagwira ntchito ku ofesi ya akazembe, udindo wake ukadali waung'ono, koma pakamwa anali kale kazembe wamkulu.

"Tili, njiwa yanga, ndikakuona ndimaiwala mayina a mafumu onse amene ndaloweza."

"Mabodza amenewa amakuphunzitsani kuntchito?"

"Kuntchito ndimanama. Kuno ndimapuma."

Gertrud, mkulu wake wa Ottilie, sankamufuna n'komwe. "Chikomekome cha mkuyu, mng'ono wanga, m'kati muli nyerere. Kwawo anakutengerako? Mayi ake akudziwa kuti uli moyo?"

Ottilie anamuyankha pomuonetsa chala. Wolfram anali atagula mphete ziwiri zofanana, zopanda mwala. Bambo a Ottilie ndi amene anazilembapo kanjiwa kakang'ono ndi chitsulo chawo cha mawotchi. Kuno kwathu mphete ya chitomero imakhala kudzanja lamanzere, ndipo tsiku la ukwati yomweyo imasamukira kulamanja. Mwana aliyense amadziwa zimenezo.

"Mphete iyi sidzasamuka popanda iwe," anatero Wolfram, atagwira dzanja la Ottilie pachifuwa pake. "Ungondipirira pang'ono. Kazembe sakwatira popanda chilolezo cha akuluakulu, ndipo amafuna kudziwa agogo a agogo ako. Ndikakwezedwa, palibe adzandikanize."

Akuluakulu anamutumiza Wolfram ku Lisbon. Matelegalamu ankabwera motsatizana.

"Kuno dzuwa likuswa mtengo, koma ine ndikuzizidwa. Ndakusowa, njiwa yanga."

Ottilie ankawerenga mpaka pepala kutha m'mapindo. Sukulu ya nyimbo ya ku Leipzig inamuitana kuti akaphunzitse, iye anakana, poopa kuti Wolfram angabwere n'kumusowa. Mwini sitolo ya mankhwala ya pakona anamufunsira ndi ulemu wonse, iye anangomuonetsa dzanja lamanzere.

Kenako Wolfram anakwezedwa, anapita ku Stockholm. Mawu anayamba kufupika. Bambo a Ottilie atamwalira, panangobwera kamzere kamodzi: "Pepa. Ntchito yandimanga."

"Yamumanga ntchito kapena siketi?" anatero Gertrud pochoka kumanda. "Zaka zikupita, Tili. Ukudikira munthu kapena chipsera?"

Ottilie analira mpaka maso kutupa, koma mphete sanavule.

Tsiku lina m'nyengo ya chisanu, telegalamu inafika: "Ndabwera. Tikumane pa malo athu a khofi, masana."

Anamupeza atakhala pakona, atanenepa pang'ono, magolovesi achikopa ali m'manja. Wolfram anamupsompsona pamphumi.

"Tili wanga, sunasinthe. Ndili ndi nkhani yabwino. Akundipatsa Rome, ndikakhala wachiwiri kwa kazembe. Ndipo ndakupezera kanyumba kumeneko, kali ndi piyano."

"Kanyumba kanga? Nanga iwe uzikagona kuti?"

"Ndizibwera. Kawirikawiri ndithu."

"Chilolezo chija anakupatsa?"

"Zikuyenda, njiwa yanga. Zinthu za boma sizithamanga."

Khofi ankazizira. M'chipindamo munkatentha, anthu onse atavula zikhoti, koma Wolfram magolovesi ali chivalire. Ottilie anaona, koma anadziletsa kufunsa. Anadikira zaka zonsezo kuti adzakangane za magolovesi?

Ndiye pakhomo panalowa mkulu wina wa imvi, kazembe wopuma, amene anamulera Wolfram pantchito. Wolfram anadzambatuka, anagunditsa zidendene, n'kuvula golovesi yakumanja. Mwana wa banja lolemekezeka sapereka moni dzanja lili m'chikopa. Anamuphunzitsa zimenezo asanadziwe n'kuwerenga komwe, ndipo dzanja linachita lokha, mutu usanaganize.

Mphete inawala pa chala cha kudzanja lamanja.

"Mafuno abwino, Aldenhagen," anatero mkuluyo. "Mwana wa ku Silesia uja ndi mkazi woyenera kazembe. Mayi ako apumula tsopano." Anagwedezera mutu Ottilie ngati mmene munthu amachitira kwa wantchito, n'kukakhala patebulo lapafupi.

Ottilie anasendera kwa Wolfram. Anagwira dzanja lija, n'kuliyandikiza kumaso. Kanjiwa ka bambo ake kanali pomwepo.

"Ndi yomwe ija."

"Tili, tsitsa mawu. Akanandichotsa ntchito. Mayi akanandilanda dzina ndi nyumba. Ukanafuna ndikhale ndani?"

"Ndikufunsa za mphete, Wolfram."

"Sindinafune kuvula yako. Ndinawauza kuti ndi ya malemu agogo. Sukuona? Ngakhale m'tchalitchimo ndinalumbira nditavala iwe."

Anthu inu, munthuyu ankaona ngati wanena mawu achikondi! Ankayembekezera kuti Ottilie amwetulira.

"Bambo anga anapinda msana usana wonse kulemba kanjiwa kameneka," anatero Ottilie motsitsa. "Tsiku limene tinkawaika m'manda, unali kuti?"

Wolfram anayang'ana m'kapu. Apo Ottilie anadziwa kuti anali kwa mkazi winayo.

Anakoka mphete yake. Inatuluka mosavuta, poti zala zinali zitaonda. Anaiika pa kambale ka khofi.

"Mukawapatse akazi anu, Bwana von Aldenhagen. Zinagulidwa ziwiri, zikhale nyumba imodzi."

"Njiwa yanga, usatero. Ndimakukonda."

"Ndiye nditsatireni. Dzukani pompano, anthu onsewa akuona, munditsatire."

Anatuluka. Ali pakhomo anacheuka, chifukwa mtima ndi wopusa. Wolfram anadzuka theka, anayang'ana kumene kunakhala mkulu wa imvi uja, n'kukhalanso pansi. Anayamba kuvala golovesi yake.

Anakhaladi kazembe wamkulu pambuyo pake, mendulo zili mbwee pachifuwa. Koma masana amenewo Ottilie anaima yekha pansi pa kadenga kaja ka pokwerera basi, chisanu chikumugwera pamapewa. Pachala panatsala kamzere koyera. Basi itafika anabisa dzanja lamanzere m'thumba, n'kukwera.