Mfumu Imene Inalengeza Maliro Ake Omwe

Achimwene anga a Teleso awalembanso dzina m'gulu la ochita masewero, lero lomwe lino, ndipo ine ndathamanga kuchokera kukachisi mpaka kunyumba nsapato imodzi ili m'manja! Aphunzitsi anatiuza kuti aliyense alembe nkhani yokhala ndi chenjezo, ndipo anzanga akhala akudandaula kuti alibe cholemba. Ine ndili nacho, mwina phula la pathabwa langa lolemberali silikwana n'komwe. Koma ndiyambe poyambira.

Kwathu ndi nyumba yachitatu kuchokera pachitsime cha kumtunda kwa mzinda wathu wa Teyo. Bambo amaumba zigoba zimene ochita masewero amavala kumaso: nsalu, ulimbo, utoto ndi tsitsi lenileni. Zigoba zawo zafika mpaka ku Efeso. Amayi amaomba nsalu. Pa chakudya bambo ankasakaniza okha vinyo m'mbiya, zikho zitatu za madzi pa chikho chimodzi cha vinyo, monga achitira munthu aliyense woleredwa bwino. Tikatha kudya, achimwene ankaimirira pakhomo n'kutinenera mawu a sewero, mpaka anansi ankasiya ntchito zawo kudzamvetsera. Mawu awo, anthuni! Ankatha kunong'ona, wa pampando wa pamwamba penipeni pa bwalo n'kumva. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anawaveka nkhata ya masamba ya opambana, ndipo ine ndinayenda mwezi wathunthu khosi lili njo.

Panali chinthu china chimene tonse tinkachidziwa. Achimwene ali khanda, amayi anapita nawo kwa wolosera wa ku Kilaro, ndipo iye anati tsiku limene mwanayu adzavale nkhope ya mfumu, mzinda wonse udzalankhula za iye. Amayi ankawasunga mawuwo mumtima. Achimwene ankawanena pamsika.

Amene anawamva bwino anali Simo, woliza chitoliro, munthu wa nthabwala zosatha ndi mphuno yofiira. Masana ena atatha kuyeserera sewero anawatengera achimwene kudoko, kumene amalinyero amamwera, n'kuitanitsa vinyo wosathira madzi. Achimwene anayamba akana, amvekere kwathu timati amamwa choncho ndi anthu akutchire.

"Madzi ndi a achule, mfumu yanga," anatero Simo. "Iwe ulusi wa moyo wako inaupota kale milungu yaikazi itatu ija yopota miyoyo ya anthu. Umwe, usamwe, gawo lako ndi ulemerero. Kodi chikho chingadule chimene milungu inapota?"

Anamwa. Mawa lake anamwanso. Pasanathe mwezi anayamba kukankha mbiya ya bambo, amvekere vinyo wa kunyumba akukoma ngati madzi otsukira mbale.

Bambo si munthu wokalipa. Tsiku lina akusoka ndevu pachigoba anawafunsa achimwene kuti mafumu a m'masewero amene amagwa aja, awaona angati. Anayankha kuti ambirimbiri, ndipo onse anawagwetsa ndi milungu.

"Uyang'anitsitse, mwana wanga," anatero bambo. "Ndaumba nkhope zawo zaka makumi atatu. Wolosera amangonena kumene njira ikupita. Koma wothamanga ndi mfumuyo, ndi ukali wake, ndi makutu ake ogontha. Oimba a m'sewero aja amamuchenjeza kangati asanagwe?"

Achimwene anaseka n'kunena kuti bambo amadziwa nkhope za mafumu, koma iwo amadziwa mitima yawo. Amayi analira. Ine ndinawauza kuti akununkha ngati mbiya yosatsuka, iwo n'kundikoka khutu, amvekere iwe Filina ukapitiriza kulongolola adzakukwatira ndi khwangwala.

Kenako kunabwera chikondwerero cha mulungu wa mpesa. A Polikare, mkulu wa gulu, anawapatsa achimwene mbali ya mfumu, koyamba. Nonse mukudziwa kuti olankhula m'sewero amakhala atatu okha, ndiye munthu mmodzi amasintha zigoba kuti akhale anthu angapo. Achimwene anayenera kukhala mfumu mpaka italowa m'nyumba kukafa, kenako avule msanga, avale chigoba cha wamthenga, atulukenso kudzauza anthu za imfayo. Bambo anaumba zigoba ziwirizo ndi mtima wonse. Cha mfumu chinali ndi tsitsi lalitali loimirira ndi ndevu zakuda bii, cha wamthenga chinali cha munthu wamba, chometa.

Achimwene anajomba kuyeserera kanayi. A Polikare anawapeza kudoko n'kuwauza pamaso pa amalinyero kuti lamulo ndi lamulo: wochititsa manyazi sewero la mulungu amamufufuta dzina. Achimwene anayankha kuti kusintha zigoba amatha ngakhale atatsinzina.

Tsikulo bwalo linadzaza mpaka pamwamba, pamene tinakhala ine ndi amayi. Sewero lathu linali lachitatu, dzuwa litafika pamutu. Tinamva pambuyo pake kuti Simo anabwera ndi thumba lachikopa la vinyo kuseri, amvekere n'lotsegulira kukhosi.

Ndisaname, mfumu anaisewera bwino. Ngakhale ankadzandira pang'ono, anthu ankaganiza kuti ndi chisoni cha mfumu. Analowa m'nyumba ija, tinamva kulira kwa imfa, oimba anayamba nyimbo yawo yamantha, amayi ena pafupi nafe akupukuta misozi. Chitseko cham'mbali chinatseguka. Anatuluka munthu wovala malaya a wamthenga, koma kumutu tsitsi lalitali loimirira, ndevu zakuda bii. Anali atavula chigoba cha mfumu, n'kuvala malaya ena, n'kutolanso chomwecho.

Anatambasula manja n'kufuula ndi mawu awo okoma aja kuti mfumu yafa, ndipo waiona ndi maso ake ili gone pansi.

Kenako wogulitsa nsomba wina anafunsa mwaulemu kuchokera pakati: "Pepani mfumu, nanga maliro anuwo tiika liti?"

Kuseka kwake sindidzakuiwala. Anthu ankamenya zidendene pamipando, ena akuimba mluzu, nkhuyu zouma ndi nthangala za azitona zikugwa ngati matalala. Oimba anasokonezeka. Achimwene anagwira kumaso, n'kupeza ndevu. Sewero linathera pomwepo, nsembe ya tsikulo n'kuchita kuibwereza. Mzinda wonse unalankhuladi za iwo, ngati mmene wolosera ananenera.

Dzina analifufuta mawa lake. Simo anangoti zinalembedwa, n'kukwera chombo cha ku Samo ndi gulu lina. Achimwene anagona chafufumimba masiku ambiri, akungonena kuti milungu inawatchera msampha kuyambira ali khanda. Zigoba za bambo zinasiya kuitanitsidwa, popeza ochita masewero ankati zili ndi tsoka. Ana ankawatsatira bambo pamsika akufuula kuti awo ndi atate a malemu oyenda. Kusukulu ine ankanditchula mlongo wa mtembo. Ndinamenyana kawiri, ndipo kachiwiriko ndinapambana.

Amene anawadzutsa ndi amayi. M'mawa wina anawavundukula chofunda n'kunena mosakweza mawu:

"Ndine ndinapita ku Kilaro, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Anati udzavala nkhope ya mfumu. Sananene kuti uivale kawiri. Kachiwiriko unavala wekha."

Masana ake ndinawapeza achimwene kuseri akuphikira bambo ulimbo, ntchito yonunkha imene ngakhale ine ndimaithawa. Anaigwira chaka ndi theka. Kudoko ankapita kukatenga nsalu basi, ndipo amalinyero akawalonjera kuti moni malemu, ankayankha moni n'kudutsa. Kamodzi anaterereka, sindibisa, anabwera maso ali psu. Mawa lake anakapepesa kwa bambo okha, osatumidwa.

Wofufutidwa amaloledwa kupempha kamodzi kokha kuti abwerere, akakanidwa basi zatha. Lero ndiye linali tsikulo. Akuluakulu a gulu anakhala m'khonde la kachisi, ine ndi amayi titaima kuseri kwa chipilala. Akulu ena ankafuna kuwathandiza achimwene. Wina anati mnyamatayu anamulosera, ndani angalimbane ndi gawo lake? Wina anati mlandu ndi wa Simo. Ine ndinkati mumtima, vomerani achimwene, khomo lakutsegukirani!

A Polikare anatembenukira kwa achimwene. "Wamva, Teleso. Tiuze, anakugwetsa ndani? Milungu kapena woliza chitoliro?"

"Palibe mwa iwo, bambo," anatero achimwene. "Madzi anali pomwepo, ndinawakana ndine. Zigoba zinali ziwiri, dzanja lotola linali langa."

Ndinaganiza kuti adzimaliza okha. Koma a Polikare anati akanatchula milungu akanawabweza, chifukwa munthu amene zolakwa zake zonse zimachokera kumwamba sangaphunzitsidwe kanthu pansi pano. Anaitanitsa mlembi. Anati mbali ya mfumu asaiyembekezere, mwina kwa zaka zambiri, mwina mpaka kalekale. Pa chikondwerero chikubwerachi adzakhala msilikali wosalankhula, woima pakhomo la mfumu ndi mkondo kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Tangoganizani, mawu abwino koposa onse m'Teyo muno, osaloledwa kutulutsa liwu ndi limodzi lomwe! Achimwene anawerama n'kuthokoza. Bambo anatembenukira kukhoma akunamizira kuti m'maso mwawo mwalowa fumbi. Ine ndiye mwendo uli m'khosi, kukauza anansi onse, mpaka lamba wa nsapato anaduka.

Tsono anzanga, chenjezo langa nali, ndipo ndalilemba ndi zilembo zikuluzikulu. Musamamwe chimene makolo anu akukuletsani n'kumati zinalembedwa kale. Munthu akakuuzani kuti tsogolo lanu silingaonongeke ngakhale mutachita zotani, muthaweni, ameneyo chombo chake chikumudikira kale. Zimene milungu inakonza sitizidziwa, koma khalidwe ndi lathu, ndipo ndi limene limagwetsa mafumu, a m'sewero ndi a kunyumba omwe. Achimwene anga anapulumuka ndi kaulusi kochepa kwambiri, ndipo si onse amapatsidwa tsiku lachiwiri.

Mubwere ku chikondwerero. Msilikali wa kumanzere kwa chitseko, woima chilili osagwedezeka, ameneyo ndi mlongo wanga, ndipo wina akadzangoyerekeza kuponya nkhuyu adzaonana ndi ine.